Luzi, Msomali ndi Bawuti: Mbiri ya Kumangirira Maeriyo pa Nyumba za ku Chifunde

Kumangirira eriyo kapena dishi pakhoma la nyumba ndi luso latsopano m'boma la Chifunde, ndipo mbiri yake imayendera limodzi ndi mbiri ya makoma enieniwo. Chitsulo chogwiriziza eriyo, chomwe amisiri amati bulaketi, chimalimba molingana ndi khoma lomwe chakhomedwapo. N'chifukwa chake kamangidwe ka nyumba kakasintha, zomangira nazo zimasintha: luzi linagawana ntchito ndi waya ndi msomali, ndipo pambuyo pake kunabwera bawuti ndi pulagi. Chatsopano sichinathamangitse chakale, moti njira zonsezi zimapezeka m'mudzi umodzi mpaka lero.

Chifunde ili kumpoto kwa chigawo cha Tete ku Mozambique. Imachita malire ndi Zambia kumpoto, Malawi kumpoto chakum'mawa, komanso maboma a Macanga, Chiuta ndi Marávia. Ili ndi zigawo zitatu, Chifunde, Mualadzi ndi Nsadzu, ndipo anthu ake ambiri ndi Achewa. Msewu waukulu wochokera mumzinda wa Tete umadutsa m'bomali mpaka pachipata cha Cassacatiza, pomwe umawolokera ku Chanida n'kupitirira ku Katete. Zinthu ziwiri za derali zimakhudza kwambiri nkhani ya maeriyo. Choyamba n'chakuti ndi dera lamapiri, lotalikirana ndi malo oulutsira mawu. Chachiwiri n'chakuti katundu, ndalama ndi mauthenga zimalowamo kuchokera kumayiko atatu.

Nthawi ya luzi

Kwa zaka mazana angapo derali linali m'manja mwa mafumu a Undi, omwe likulu lawo linali ku Mano, chakufupi ndi mtsinje wa Kapoche. Nyumba ya nthawi imeneyo inkatha yonse popanda chitsulo ngakhale chimodzi. Amuna ankazika nsichi mozungulira, n'kuzilukanitsa ndi mbaliro za nsungwi kapena timitengo topindika, kenako khomalo n'kuphomedwa ndi dothi. Mapaso ankakumana pansonga ya denga, udzu n'kufoleredwa pamwamba pake. Chogwirizanitsa zonsezi chinali luzi, losendedwa ku mitengo ya mombo ndi inzake ya m'nkhalango za kuderalo. Luzi amamangira lili lonyowa. Likamauma limakokana n'kulimbitsa mfundo, ndipo la m'kati mwa denga limatetezedwa ndi utsi kuti lisafumbwe.

Chitsulo sichinkasowa. Amaravi ankatchuka ndi ng'anjo zawo, ndipo makasu awo ankagulitsidwa mpaka ku Tete ndi ku Sena. António Gamitto, yemwe anadutsa m'dziko la Amaravi ndi Achewa mu 1831 pa ulendo wochokera ku Tete kupita kwa Kazembe, analemba za miyambo yawo kuphatikizapo kasungunulidwe ka chitsulo. Koma pachipala pankasulidwa makasu, nkhwangwa, mikondo, mivi ndi mipeni, osati misomali. Chitsulo chinkadya makala ndi thukuta lambiri, ndipo kuchikwirira m'nyumba kukanakhala kuwononga chuma. Komanso nyumba sinkamangidwa kuti ikhale mibadwomibadwo, popeza mudzi unkasamuka nthaka ikaguga. Chilichonse chofunika kupachika, kaya uta, kaya chimanga cha mbewu, chinkakolekedwa kudenga kapena pakamtengo komangiriridwa ku nsichi asanaphome. Mmisiri aliyense ankadziwa kuti katundu amasenzedwa ndi mtengo, dothi ntchito yake n'kutseka mphepo basi. Lamulo limeneli likugwirabe ntchito pa nyumba zadothi lero.

Njerwa, malata ndi msomali

Makoma a miyala ndi laimu analipo kalekale mumzinda wa Tete, koma kumidzi yakumpoto makoma olimba anafika mochedwa. Pangano la 1891 pakati pa Britain ndi Portugal litadula malire, maofesi a boma la Apwitikizi, masitolo a amalonda ndi mamishoni ndi amene anabweretsa njerwa zootcha, malata ndi misomali. Mishoni za Akatolika monga ya Boroma, kufupi ndi Tete, ndi ya Lifidzi ku Angónia zinkaphunzitsa ukalipentala ndi umisiri womanga. Malata anali atapangidwa koyamba ku London ndi Henry Robinson Palmer cha m'ma 1829, ndipo misomali yodulidwa ku waya ndi makina inatchipa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Simenti inayamba kupangidwa m'dziko la Mozambique momwe, ku Matola m'zaka za m'ma 1920 ndi ku Dondo cha m'ma 1950, koma mtunda wochoka kumeneko kufika kumpoto kwa Zambezi unkaikweza mtengo kwambiri.

Kwa anthu wamba zinthu zimenezi zinkabwera kudzera mwa amuna opita kukagwira ntchito kunja. Pothawa msonkho ndi chibalo, ambiri ankapita kuminda ya fodya ya ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata, kapena kumafamu ndi kumigodi ya ku Southern Rhodesia ndi South Africa. Ankabwerako ndi njinga, mabokosi, hamala ndi sowo, komanso luso lokhoma chitseko ndi mahinjesi. Motero msomali unayamba kulowa m'mudzi kudzera pachitseko ndi pafelemu, pomwe mtengo umakumana ndi mtengo unzake.

Kukhoma chinthu pakhoma la njerwa inali nkhani ina. Msomali ukalowa m'njerwa umapindika kapena kuiswa, ndipo ukalowa m'dothi la pakati pa njerwa umasololoka ndi dzanja. Njira ya amisiri akale inali kugoba kabowo ndi tchizulo, kukhomeramo kamtengo kosemedwa kosongoka, kukadula molingana ndi khoma, kenako kukhoma msomali kapena sikuluwu m'kamtengomo. Vuto lake linali nyengo. M'dzinja kamtengoko kankafufuma ndi chinyezi, m'chilimwe n'kuuma n'kuchepa, ndipo chiswe chikakapeza chinkatsala chibowo chokha.

Vuto lomweli linkasautsanso amisiri a ku Ulaya. Cha m'ma 1910 John Joseph Rawlings wa ku London anapanga kachubu ka ulusi wa jute komwe kamafutukuka sikuluwu ikamalowa, n'kukanirira m'mbali mwa bowo. Kanagulitsidwa ndi dzina loti Rawlplug. Mu 1958 Artur Fischer wa ku Germany anatulutsa pulagi ya nayiloni yokhala ndi timano, yomwe siwola kapena kudyedwa ndi chiswe. Mapulagi apulasitiki ndi mabawuti ofutukuka omwe amagulitsidwa m'mahadiweya a ku Tete, Katete ndi Chipata lero ndi zidzukulu za zipangizo ziwirizi.

Waya wa wailesi zoyamba

Eriyo yoyamba kuoneka m'midzi ya kuderali sinkafuna khoma. Nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka, yomwe inayamba mu 1941 ndipo pambuyo pake inatchedwa Central African Broadcasting Station, inkaulutsa m'zinenero za anthu akuda kuphatikizapo Chinyanja. Mu 1949, mwa khama la Harry Franklin, kampani ya Ever Ready inatulutsa wailesi yotchipa yotchedwa Saucepan Special chifukwa chikopa chake chinkaoneka ngati sefuliya. Inkagulidwa mapaundi asanu, batire lake padera. Mafunde aafupi omwe inkagwira sankadziwa malire, choncho Mchewa wa ku Mozambique ankamva Lusaka m'chinenero chake. Rádio Clube de Moçambique ya ku Lourenço Marques, yomwe inalipo kuyambira m'zaka za m'ma 1930, inayamba mapulogalamu a m'zinenero za m'dzikomo kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Mu 1964 kunabweranso MBC ya ku Malawi.

Wailesi za mtundu umenewo zinkamveka bwino zikalumikizidwa ku waya wautali. Wayayo ankaukoka kuchokera pansonga ya denga kupita kunthambi ya mtengo kapena kunsungwi yozikidwa pabwalo, ndipo kumapeto kwake ankakolekako khosi la botolo kuti usakhudzane ndi mtengo wonyowa. Zomangira zake zinali luzi ndi waya yemweyo. Waya akagwedezeka ndi mphepo mawu sankasintha kwenikweni, motero kulimba sikunali kofunika. M'zaka za m'ma 1960 wailesi zazing'ono zamabatire a tochi, zokhala ndi eriyo yakeyake yosolola, zinachepetsanso kufunika kwa waya wapanja.

Zaka za nkhondo

Mu March 1968 gulu lomenyera ufulu la FRELIMO linatsegulanso nkhondo yolimbana ndi Apwitikizi m'chigawo cha Tete, asilikali ake akulowera ku Zambia, ndipo kumpoto kwa chigawochi kunali m'gulu la madera oyamba kukhudzidwa. Boma la atsamunda linasonkhanitsa anthu m'midzi yokakamiza yotchedwa aldeamentos, ena n'kuthawira kutchire kapena kuwoloka malire. FRELIMO inkaulutsa mauthenga ake kudzera pa wailesi za ku Dar es Salaam ndi Lusaka, ndipo m'nyengo yotere kawailesi kobisika kanali kabwino kuposa waya woonekera patali.

Ufulu utabwera pa 25 June 1975, Rádio Moçambique inakhazikitsidwa chaka chomwecho, ndipo nthambi yake ya ku Tete imaulutsa m'Chinyungwe, Chinyanja ndi Chisena pambali pa Chipwitikizi. Wailesi ya Xirico, yolumikizidwa m'dzikomo ndi zipangizo za ku East Germany, inafalikira m'midzi. Koma amalonda ambiri a m'masitolo akumidzi anali atachoka, ndipo misomali ndi simenti zinasowa. Nkhondo ya pakati pa boma ndi RENAMO itakula m'zaka za m'ma 1980, midzi yambiri ya kumpoto kwa Tete inatsala mabwinja. Anthu oposa miliyoni imodzi a ku Mozambique anathawira ku Malawi, ndipo ena anakakhala ku Zambia, monga kumsasa wa Ukwimi m'dera la Petauke. Munthu wosadziwa ngati agona m'nyumba yake mawa saumba njerwa. Kwa zaka pafupifupi 25 kamangidwe ka nyumba kanaima, mwinanso kubwerera m'mbuyo.

Mlongoti wa nsungwi

Pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 October 1992 linatsegula njira yoti othawa abwerere, ndipo ambiri anatero mu 1993 ndi 1994. Nyumba zoyamba zinali zophoma monga kale, koma pang'onopang'ono zidina ndi njerwa zootcha zinachuluka. Chinathandiza kwambiri ndi ulimi wa fodya wa mgwirizano ndi makampani, womwe unakula m'maboma a Chifunde, Macanga ndi Angónia kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ndalama za fodya zimabwera pakamodzi, ndipo zimathera pa malata, njinga, wailesi, batire la galimoto ndi sola.

Nyengo yomweyo ndi imene mawailesi a FM anachuluka, monga Breeze FM ya ku Chipata yomwe inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndipo imamveka mpaka kutsidya kwa malire. Kanema naye anayamba kuyandikira. Ku Mozambique anayamba mu 1981 koma kwa zaka zambiri ankaoneka ku Maputo kokha, ndipo anafika ku Beira ndi Nampula m'zaka za m'ma 1990. Ku Malawi anayamba mu 1999. Mafunde a FM ndi a kanema amayenda molunjika ndipo phiri limawatchinga, choncho eriyo iyenera kukwera pamwamba n'kuloza komwe akuchokera. Eriyo ya timizere tambiri yomwe imaoneka pamadenga inachokera ku ntchito ya Shintaro Uda ndi Hidetsugu Yagi a ku Japan mu 1926, ndipo amisiri akumidzi amaitengera pogwiritsa ntchito tizitsulo ta aluminiyamu tokhomedwa pathabwa.

Yankho la kukwera pamwamba linali nsungwi yaitali kapena bulugamu wowongoka. Tsinde lake ankalizika pansi pafupi ndi nyumba, pakati pake n'kumangirira ku nsanamira ya khonde kapena kumtengo wa denga ndi waya, linya kapena legeni. Kumanga kotereku kunali ndi ubwino wake: mlongoti unkatheka kuuzunguza ndi manja, wina ali panja akutembenuza, wina ali m'nyumba akufuula kuti chithunzi chayera kapena chabwereranso mchenga. Kulemera konse kunkapita pansi, nyumba inkangouchirikiza. Adani ake anali chiswe kutsinde, kufumbwa kwa nsungwi, ndi mphepo ya mkuntho yobwera ndi mvula yoyamba.

Dishi ndi kufunika kwa kulimba

Dishi inasintha zonse chifukwa silola kugwedezeka. DStv inayamba mu 1995, ndipo m'zaka zotsatira kunabwera ZAP, StarTimes ndi madikoda ogwira matchanelo aulere. Mu 2021 Mozambique inayamba kuzimitsa kanema wa analogi n'kusamukira ku wa digito, koma kumadera otalikirana ndi nsanja zoulutsira, setilaiti ndi imene imafikitsa chithunzi mosavuta. Masetilaitiwa ali pamwamba pa ikweta, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, n'chifukwa chake madishi a ku Chifunde amapenya chakumpoto. Dishi ya masentimita 60 mpaka 90 ikapendekeka ndi madigiri awiri kapena atatu okha, komwe m'mphepete mwake ndi kusuntha kwa chala chimodzi kapena ziwiri, chithunzi chimaduka.

Dishi payokha silemera kwambiri. Cholemera ndi mphepo. Mphamvu ya mphepo imakula kanayi liwiro lake likawirikiza kawiri, ndipo mkuntho wa makilomita 100 pa ola ungakankhe dishi ya masentimita 90 ndi mphamvu yoposa makilogalamu 30. Popeza dishi imakhala kumapeto kwa mkono wa bulaketi, mphamvu imeneyi imachulukirachulukira ikamafika pakhoma: mabawuti a mbali imodzi amakokedwa kuti azuke, a mbali ina akukanikizidwira m'kati. Mphepo ikamasinthasintha imachita ndi bawuti zomwe munthu amachita pozula chikhomo, kuchigwedeza uku ndi uku mpaka dzenje litakula. Msomali, womwe umagwira ndi kuthina kokha, sulimba pa ntchito yotere.

Kusankha chomangira molingana ndi khoma

Makoma a ku Chifunde lero ali m'magulu anayi, ndipo lililonse lili ndi chomangira chake.

Khoma lophoma, la mdindo kapena la zidina siligwira chilichonse chofutukuka, chifukwa pulagi ikathina dothi limafumbutuka. Pamenepa amisiri amaboola khoma mpaka kutulukira m'kati, n'kudutsitsa bawuti yaitali yomwe imamangidwa ndi nati pathabwa kapena pachitsulo chophwatalala, kuti mphamvu imwazikire pamalo aakulu. Koma njira yodalirika koposa ndi kusiya khomalo: paipi yachitsulo yozikidwa m'dzenje la konkire, kapena mtengo wolimba wosadyedwa ndi chiswe. Ndi chifukwa chake madishi ambiri akumidzi amakhala pabwalo, nthawi zina atatchingidwa ndi kampanda kuti mbuzi ndi ana asawagunde.

Khoma la njerwa zootcha limafuna diso. Njerwa za mu uvuni umodzi sizipsa mofanana: zoyandikana ndi moto zimada n'kulimba, ndipo zikagogodwa zimalira ngati chitsulo, pomwe za m'mphepete zimatuwa n'kumanyenyeka. Nyumba zambiri zimamangidwanso ndi dothi pakati pa njerwa, simenti n'kungopaka kunja, moti khoma looneka lolimba lingakhale lofewa m'mizere yake. Bowo liyenera kulowa pakati pa njerwa yeniyeni, osati pamzere, ndipo kuchindikala kwa pulasitala sikuwerengedwa poyeza kuya kwake. Fumbi lofiira lotuluka m'bowo limasonyeza kuti chobooleracho chili m'njerwa. Lotuwa kapena lakuda ngati dothi limachenjeza kuti chalowa pamzere. Pa njerwa zotere pulagi ya nayiloni ya mamilimita 10 kapena 12 ndi sikuluwu yaikulu ya mutu wa sipanala zimagwira bwino kuposa bawuti yachitsulo yofutukuka, yomwe ikamangidwa mopitirira imang'amba njerwa. Mizere iwiri kapena itatu ya pamwamba penipeni pa khoma, ndiponso njerwa za pakona, zimapewedwa chifukwa zilibe katundu wokwanira wozipsinja.

Mabuloko a simenti, omwe achuluka m'malo a malonda ndi pa nyumba za boma, ali ndi mphako m'kati, ndipo chikopa chake ndi masentimita awiri kapena atatu okha. Pulagi wamba imagwera m'mphakomo. Pamafunika kuboola pomwe buloko ili yodzaza, kudutsitsa bawuti mpaka mbali inayo, kapena kugwiritsa ntchito guluu wapadera wa mabawuti. Konkire ya pamwamba pa mawindo ndi zitseko, kapena lamba wa konkire wozungulira nyumba, ndi malo okhawo omwe bawuti yachitsulo yofutukuka imagwira ntchito yake mokwanira.

Ena amakhomera bulaketi pathabwa la m'mphepete mwa denga kapena pamalata penipeni. Malata amanjenjemera ndi mphepo ndipo bowo lililonse limasanduka podontha, pomwe thabwa la m'mphepete limaola msanga ndi mvula. Pakakhala kuti palibe kuchitira mwina, sikuluwu imayenera kulowa mumtengo wa denga weniweniwo.

Zida ndi amisiri

Kuboola khoma kopanda magetsi kunali ntchito ya hamala ndi kachitsulo kosongoka. Mmisiri ankamenya kamodzi, kutembenuza pang'ono, kumenyanso, n'kumauzira fumbi ndi kapaipi, mpaka bowo litafika poyenera. Njirayi ndi yochedwa koma siswa njerwa yofewa. Masiku ano makina oboolera a batire, otchajidwa pa sola, afika m'manja mwa achinyamata omwe amatchera madishi, ndipo ambiri mwa iwo ndi omwewo amalumikiza masola ndi kukonza mafoni. Mabulaketi ena amabwera m'katoni limodzi ndi dishi, ena amawotcheredwa ndi owotcherera zitsulo a pamsika kuchokera ku zidutswa za paipi ndi ngodya zachitsulo.

Malire amaonekeranso m'thumba la zida. Misomali yochokera ku Zambia ndi Malawi imatchulidwa ndi mainchesi n'kugulitsidwa pakilo, pomwe mabawuti ndi mapulagi a ku Tete amayezedwa m'mamilimita, ndipo nati ya mazinga a mtundu wina silowa pa bawuti ya mtundu unzake. M'midzi ya m'malire ogula amalipira ndi metikali kapena kwacha, malinga ndi msika womwe uli pafupi.

Ntchito yomangidwa bwino imawonongekanso ndi madzi ndi mphenzi. Bawuti yosakutidwa ndi zinki imachita dzimbiri, imafufuma n'kuswa pulasitala, ndipo chingwe cholowa m'nyumba chikapanda kupindidwa cholozetsa pansi chisanalowe m'bowo, madzi a mvula amachitsatira mpaka m'khoma, zomwe pa zidina zimafewetsa malo omwe bulaketi yagwira. Mlongoti wachitsulo wotalika kuposa denga umafunika waya wochindikala wotsikira kundodo yachitsulo yokhomeredwa m'nthaka. Amisiri odziwa ntchito amayenderanso manati onse mvula isanayambe, mu October kapena November, chifukwa mikuntho ya nyengo imeneyo ndi imene imazula mabulaketi ambiri.